CPU wa Pakhomo pa Mayi Anesi

"Pakhomo pano CPU ndine," anatero a Crispin Namakhwa, akudziloza pachifuwa ndi fupa la nkhuku. "Palibe chimene chingachitike pano osadutsa mwa ine. Ngakhale tambala, asanalire amayamba wasuzumira pawindo langa. Ndiye iwe Rhoda usandiphunzitse ntchito."

"Tambala wake uti? Si ameneyu mukumutafunayu?" anayankha mkazi wawo. "Ine ndikufunsa za Faith. Mwana wa m'mimba mwa amayi anga, mlamu wanu, wakhoza maphunziro ena onse, n'kudzagwa lanu lokha. Mwamulepheretsa bwanji?"

"Sindinamulepheretse. Walephera."

A Namakhwa anali lekichala pa kayunivesite ka eni ake kamene kanatsegulidwa m'nyumba yakale ya mzungu wa esiteti, pakati pa minda ya tiyi kuno ku Thyolo. Ankaphunzitsa za m'mimba mwa kompyuta, kamangidwe kake ndi mmene ziwalo zake zimatumirana. Pa pepala phunzirolo linali ndi dzina lalitali lachizungu, koma ophunzira ankangoliti Chigayo, chifukwa wolowamo ndi chimanga ankatuluka ali ufa. Wogwa Chigayo ankapatsidwa mayeso obwereza, omwe iwo amati sapu. Wogwanso sapuyo ankamupalira ngati udzu, n'kubwerera kwawo.

"Zolemba wakhoza," anapitiriza a Namakhwa. "Wagwa pulakitiko. Sapu ikubwera mwezi uno, akalimbikira akhoza. Vuto lako Rhoda ndi loti sukulu unaisiyira panjira, ndiye mvetsera. M'kompyuta muli memori, imasunga. Muli kiyibodi, imalowetsa. Koma wotenga lamulo, kulimasulira, n'kulichita ndi mmodzi yekha, CPU. Amayi ako ndi hadi disiki, amasunga zakale. Iwe ndiwe sipika."

"Nanga dothi limene CPU yakhalapoli ndi la yani?"

"Dothi ndi la amayi ako. Malata, simenti ndi sola ndi zanga."

"Akuluakulu anati mkamwini asamakule mwendo."

"Akuluakulu amenewo analibe digiri."

Pomwepo kunamveka kutsokomola kuseri kwa nyumba. Anali mayi Anesi, mayi wa Rhoda ndi Faith, akuchokera kotchola tiyi, dengu lili kumsana. A Namakhwa anataya fupa, n'kudzuka msangamsanga, n'kutembenukira kukhoma. Mayi Anesi nawo anaphimba nkhope ndi mpango n'kudutsa cha patali.

"Mwaswera bwanji, amayi?" anafunsa a Namakhwa, akuyankhula ndi njerwa.

"Taswera, kaya akamwini," anayankha mayiwo, akuyankhula ndi mtengo wa peyala.

Pa zonse za kumudzi, ichi chokha a Namakhwa ankachisunga, ndipo ankanyadira nacho. Chikwatireni pamudzipo anali asanayang'anepo apongozi awo kumaso, asanakhalepo nawo mphasa imodzi, ngakhale kuwapatsa moni wa m'manja. Akakumana m'kanjira ka m'tiyi, iwo ndi amene ankalowa m'masamba, suti yonse n'kunyowa ndi mame. Ankakonda kuuza anzawo ku bala kuti, "Ine digiri ndili nayo, koma ulemu wa Chilomwe sindinaugulitse."

Madzulo a tsikulo Rhoda anamupeza Faith kumpopi akutsuka ndowa yoyera kale.

"Ndowayo ibooka," anatero Rhoda. "Tandiuza za pulakitiko."

"Palibe, achemwali."

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Iwe unaphwasula wailesi ya amalume uli sitandade faifi n'kuibwezera ikuyankhula. Lero ukugwa pa sikuludalaiva?"

Faith anakhala pa ndowa ija. Anayamba ndi mawu otsika, koma atangoyamba sanathenso kuima. Ku yunivesite kunalibe kompyuta yoti ophunzira aziphwasula, ndiye pulakitiko inkachitikira m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya a Namakhwa, kamene iwo ankakatcha labu. Anyamata ankabwera m'magulu. Atsikana ankaitanidwa mmodzimmodzi, tsiku limene Rhoda wapita ku Goliati kukapikula tomato.

"Amatseka makatani, ati kuwala kumaononga ziwalo za kompyuta. Amakuuza kuti ukhale pampando, uyang'ane makinawo, usacheuke. Iwo amatuluka kaye. Kenako amabwera chakumbuyo, n'kukugwira dzanja ngati akukuonetsa pomasula. Dzanja linalo limayamba ulendo wake."

"Ndiye iwe?"

"Ndinawaponda phazi n'kuthawa. Anandiuza kuti, mlamu, sapu ilipo, ukaganize bwino. Lilly wa ku Masambanjati uja mukumukumbuka? Anakana kawiri. Pano akugulitsa nthochi pamsewu."

Rhoda sanalire. Analowa m'khitchini n'kutuluka ndi chikwanje chodulira tiyi, chija chopindika kunsonga.

Amene anamugwira pakhomo anali amalume ake, a Yesaya, kapitawo wa pa esiteti, amene anabwera kudzabwereka pampu ya njinga. Anamukokera kunyumba kwa mayi Anesi, ndipo nkhani inakambidwa chitseko chili chotseka.

"Ukamutema, iwe upita kundende, iye kuchipatala, Faith kumudzi," anatero a Yesaya. "Wapindula ndani? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Munthuyu ndi wa m'nyumba. Tiitane ankhoswe, timudzudzule mwakachetechete."

"Mwakachetechete?" anatero Rhoda. "Amalume, amayi atchola tiyi mpaka zala zapindika kuti mwanayu asadzabereke dengu. Chiperoni chawathera pamsana. Ndiye wina adye nkhuku yanga, agone pa bedi langa, n'kumasaka mng'ono wanga kuseri kwa nyumba yanga, ife tizinong'ona? Ine ndikufuna kuti Thyolo yense amve fungo lake."

"Ukhala pa umbeta."

"Umbeta sunaphepo munthu."

"Nanga kusukuluko kulibe akuluakulu?" anafunsa a Yesaya.

"Aliko," anayankha Faith. "Mkulu wa dipatimenti yathu ndi mayi Jean. Lilly anapitako. Anamuuza kuti akumumvera chisoni, koma popanda umboni sangachite kanthu, chifukwa mawu a wophunzira wolephera amaoneka ngati nsanje. Ndipo alamu amabisa mafoni athu pakhomo tisanalowe, ati amasokoneza makina."

"Mwaona? Wochenjera ameneyu," anatero a Yesaya.

Nthawi yonseyi mayi Anesi ankadzola mafuta m'ming'alu ya m'manja. Atayankhula, anayamba m'Chilomwe, monga ankachitira mtima ukawawa, kenako anabwerera ku Chichewa.

"Achimwene, khoswe wa pa mkhate saphedwa ndi mpini, n'zoona. Amamuikira nyambo pansi kuti atsike yekha. Iwe Faith, wati amabwera chakumbuyo?"

"Eya, amayi."

"Mumdima?"

"Eya."

"Ndipo nkhope sayang'ana?"

"Amati usacheuke."

"Wigi yako ija unavala ku ukwati ikadalipo?"

A Yesaya anayang'ana mlongo wawo, pakamwa pali yasa. "Anesi, zimenezo ndi malaulo. Iwe ndiwe mpongozi wake."

"Ndiye chifukwa chake," anatero mayi Anesi, n'kutseka botolo la mafuta.

Masabata otsatirawo a Namakhwa anadya bwino kuposa kale lonse. Madzi osamba ankawapeza ofunda, malaya ositidwa mpaka kolala kuima yokha. Rhoda ankawaitana kuti "a Lekichala" ndi mawu ozuna ngati tiyi wa kwa bwana. Iwo anauza anzawo ku bala kuti mkazi ali ngati kompyuta, akayamba kuvuta umangomuzimitsa n'kumuyatsanso. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Koma tisawanamizire, kuphunzitsa ankatha. Akaima kutsogolo ndi choko, ngakhale mwana wa mlonda amene anaionera kompyuta pawindo la ofesi ankamva. Lachitatu la sabata ya sapu anawaphunzitsa obwereza onse pamodzi.

"Tiyerekeze fakitale ya tiyi," anatero. "Manijala ndi CPU. Nyumba yosungira masamba ndi memori. Mathirakitala obweretsa masamba kuchokera kumunda ndi zipangizo zakunja, monga disiki. Thirakitala iliyonse ikafika, manijala azituluka mu ofesi kukanyamula yekha thumba lililonse?"

"Ayi, sala," anayankha ophunzira.

"Angafe ndi msana, ntchito ina n'kuima. Ndiye akatswiri anakonza njira yachidule. Katundu amachoka pa thirakitala n'kulowa mosungira, manijala ali mu ofesi akuchita zina. Ntchito ikatha m'pamene amamugogodera kuti, bwana, zatheka. Njira imeneyi imatchedwa DMA. Faith, bwereza."

Faith anaimirira. "Zinthu zimayenda zokha osadutsa mwa CPU, sala. Iyo imangouzidwa zonse zitatha."

"Wakhoza. Waona, mutu ulipo. Chatsala ndi manja."

Anzake atatuluka, a Namakhwa anamuimitsa pakhomo.

"Mlamu, waganiza bwino?"

Faith anayang'ana pansi, akukanda simenti ndi nsapato. "Ndaganiza, alamu. Sindikufuna kukagulitsa nthochi."

"Mwana wanzeru. Achemwali ako akupita ku Goliati Loweruka. Ubwere dzuwa lili pamutu. Labu ndisiya yosakiya. Ukhale pampando paja monga mwa nthawi zonse."

"Koma ine manyazi, alamu. Musayatse getsi, ndipo musandiyankhulitse."

"Usadandaule. Woyankhula ndine."

Kuchoka apo Faith sanapite kunyumba. Anakagogoda pa ofesi ya mayi Jean.

"Mayi, munamuuza Lilly kuti mukufuna umboni. Umboni sunganyamulike, ndi wolemera. Mubwere Loweruka mudzauone pamene uli."

Mayi Jean anavula magalasi n'kumuyang'ana. Kenako anafunsa njira ya kwa mayi Anesi.

Loweruka kunacha ndi chiperoni, kamvula kaja kosagwa kosaleka, minda ya tiyi yonse itafunda nkhungu. Rhoda anatsanzika m'mawa, dengu la tomato lili pamutu.

"A Lekichala, ndibwera mochedwa. Ndiwo zili pa mbaula."

"Uyende bwino. Usathamange, matope ndi oterera."

Rhoda anayenda mpaka pa mabulugamu, n'kukhota, n'kulowera kuseri kwa nyumba ya amayi ake. Kumeneko anthu anali atayamba kale kusonkhana. Kunali amayi otchola tiyi a gulu la mayi Anesi atavala mapepala awo a pulasitiki, ophunzira a Chigayo amene Faith anawauza kuti lero pulakitiko ndi ya onse, a Yesaya, ndi mayi Jean atagwira ambulera. Lilly naye anabwera kuchokera ku Masambanjati, nthochi anasiyira mnzake.

A Namakhwa anasamba kachiwiri. Anadzithira perefyumu mpaka agalu a pakhomo anayetsemula. Atasuzumira pawindo anaona munthu wovala jekete yofiira ya Faith, tsitsi lalitali likugwera pamapewa, akulowa mu labu chowerama. Anadikira pang'ono kuti nyama ikhazikike, kenako ananyamuka akuimba kamluzu.

Mu labu munali mdima. Pa tebulo panali kompyuta yotsegula pamimba, ndipo pampando panakhala mlendo wawo, nkhope kukhoma, manja ali m'matumba a jekete.

"Wafika, mlamu wanga," anatero a Namakhwa, akukankha chitseko ndi chidendene. "Waona kuphweka kwake? Ukanamvera poyamba paja, bwenzi pano ukudya holide. Lilly anafuna kuchenjera, lero akuthamangitsa minibasi ndi nthochi. Ine pano ndimakhozetsa, ine ndimalepheretsa. Jean uja amangosaina zimene ndalemba."

Kunja, pansi pa windo, mayi Jean anapinda ambulera yawo mwakachetechete kuti amve bwino.

"Lero sitivutika ndi sikuludalaiva," anapitiriza a Namakhwa. Anafika kumbuyo kwa mpando, n'kuika manja pamapewa a jekete ija. "Achemwali ako ndi sipika chabe, phokoso lokhalokha. Amayi ako nawo, ndimawalemekeza, koma ndi kompyuta yakale, yofunika kutaya. Iwe ndiye watsopano."

Anawerama, n'kuzunguliza mkono m'chiuno, n'kuika tsaya lawo pa tsaya la munthuyo. Dzanja linalo linalowa m'thumba la jekete kufuna dzanja la mtsikana. Chimene anagwira chinali chokhakhala ngati khungwa la bulugamu, zala zopindika, zikhadabo zakuda ndi utomoni wa tiyi. Ndipo dzanjalo linawagwira iwo, kugwira kwa munthu amene watchola masamba moyo wake wonse.

"Mwaswera bwanji, akamwini?" anatero mayi Anesi.

A Namakhwa anayesa kusolola dzanja, silinatheke. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, Rhoda n'kukoka makatani onse awiri, kuwala n'kulowa. Pawindo panadzaza nkhope. Anthu onse anaona lekichala Namakhwa, mwamuna wa ulemu wa Chilomwe, atakumbatira apongozi ake m'chiuno, tsaya pa tsaya.

Mayi Anesi anavula wigi ndi dzanja linalo n'kuiika pa kompyuta. Kenako anatembenuka n'kumuyang'ana mkamwini wawo m'maso, koyamba chikwatireni mwana wawo.

"Kani nkhope yanu ndi yotere," anatero. "Zaka zonsezi ndimaganiza kuti ndikuthawa munthu."

Amayi a m'tiyi ena anaphimba kumaso, ena anagwira pakamwa, wina anayamba kuseka mpaka anakhala pansi m'matope. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula, koma uyu anayesa.

"Amayi, pepani, ndimayesa ndi... ndimafuna kunena kuti ndi pulakitiko..."

"Mumayesa ndi yani?" anafunsa Rhoda. "Malizani, a Lekichala. Sipika yazima, tikumvera inu."

Mayi Jean analowa, nsapato zili matope okhaokha. Sanakweze mawu.

"A Namakhwa, ine ndi uja ndimangosaina. Lolemba musalowe m'kalasi, mubwere ku ofesi, mukapeza komiti ikukudikirani. Anyamata, nyamulani kompyutayi, ipite kusukulu. Sapu ya Faith ndiyesa ndekha, pa khonde, anthu akuona. Lilly, nawenso ubwere. Pepala lako tiliyang'ananso."

Mayi Anesi anawasiya dzanja. A Namakhwa anatuluka panja akupepesuka, n'kupeza bwalo lonse ladzaza. Apa m'pamene ukali unawabwerera pang'ono, poti munthu akavulidwa amafunafuna chogwira.

"Nyumba iyi ndi yanga," anatero. "Malata awa ndinagula ndine. Palibe angandichotse pano."

"Malata ndi anu, dothi ndi lathu," anayankha a Yesaya. "Mukafuna, mudzabwere ndi ankhoswe anu mudzazule. Koma mwamuna amene wagwira mpongozi wake m'chiuno sagonanso pamudzi. Zimenezi simukufunika digiri kuti muzimve. Rhoda, mwambo uli ndi iwe."

Kuno kwathu mkamwini akatha ntchito sitikangana naye. Mkazi amamanga udzu wouma, n'kuuyatsa, n'kumupatsa m'manja dzuwa likuswa mtengo, kuti aunikire njira ya kwawo poti pamudzi pano kwamudera. Muuni umenewo timautcha nsakali. Achinyamata ambiri pabwalopo anali atangoumva m'nkhani, ndiye anakankhana kuti aone bwino.

Rhoda anali ataumanga kale, wautali bwino, ndipo anausunga m'khitchini kuti chiperoni chisaunyowetse. Anauyatsa pa mbaula paja panali ndiwo, n'kubwera nawo ukufuka. Kudzanja linalo ananyamula chikwama cha a Namakhwa, malaya onse ositidwa bwino ali m'katimo.

"Ndinasita dzulo," anatero. "Musakanene kwanu kuti sindinkakusamalani."

A Namakhwa anayang'ana chikwamacho, anayang'ana udzu womangidwa kale, ophunzira awo, mayi Jean, Lilly, ndi amayi a m'tiyi amene anasiya ntchito ya Loweruka kudzaima pamvula. Zonsezi zinafuna masiku kuti zikonzeke, ndipo zinakonzedwa pakhomo pawo pomwe, iwo akudya nkhuku.

"Zimenezi mwapangana liti?" anafunsa ndi mawu aang'ono. "Bwanji ine osadziwa kanthu?"

Faith anatukula dzanja ngati ali m'kalasi.

"Munatiphunzitsa Lachitatu, sala. Katundu amayenda yekha, manijala ali mu ofesi. Ntchito ikatha m'pamene amamugogodera."

Anapita pa chitseko cha labu n'kugogoda ndi chala.

"Bwana, zatheka."

Rhoda anawatambasulira nsakali ija. A Namakhwa anayang'ana uku ndi uku kufuna woti awalankhulire, koma anthu anali atapatuka kale, kusiya kanjira kolowera m'tiyi. Moto unali kuyandikira zala za Rhoda, ndipo iye sanasunthe. A Namakhwa anatambasula dzanja n'kuulandira.